Kuimirira kwa Gwenhamo

Nkhondo ya Mambo Rukanda wa kumapiri ndi Mambo Chisvino wa kuchigwa inakhalitsa moti ana amene anabadwa ikuyamba ndi amene ankaponya mikondo ikutha. Chimene chinaiyambitsa anthu anali atachiiwala. Ena ankati ndi ng'ombe, ena ankati ndi maenje a golide a m'mbali mwa Nyagambu, mtsinje umene unali malire awo. Koma chimene chinaithetsa aliyense ankachidziwa. Asilikali a Rukanda anapeza Gwenhamo, mwana wa Chisvino amene akanadzalowa ufumu, akumwetsa ng'ombe pa doko, m'manja mulibe ngakhale ndodo. Anamulasa pantchafu. Anagwa m'madzi osafika ndi m'mawondo momwe, ndipo sanadzukenso.

Magazi otero sapita ndi madzi. Amene anaponya mkondowo anapenga chaka chisanathe, n'kumayendayenda m'midzi akutsimphina mwendo wopanda bala. Kenako maliro analowa m'linga la Rukanda lenilenilo, ana aamuna awiri motsatizana, ndipo oombeza ula onse, ngakhale amene ankadana okhaokha, ananena chimodzi: mzimu wa wophedwayo sukufuna ng'ombe, ukufuna munthu.

Ndiye m'chilimwe, Nyagambu ataphwa, akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakumana pamchenga wa pakati pa mtsinje, pamene sipanali pa Rukanda kapena pa Chisvino. Anapha ng'ombe yakuda, nadyera chiwindi chake m'mbale imodzi, nathyola mkondo n'kuukwirira pomwepo. Pangano lake linali lotere. Rukanda apereke mwana wake wamkazi, wa kwa mkazi wamkulu, akakhale mkazi wa malemuyo. Mng'ono wa malemuyo, dzina lake Mutumbwa, azilowa m'nyumbamo m'malo mwa mkulu wake. Akabadwa mwana wamwamuna adzatchedwa Gwenhamo. Tsiku limene mwanayo adzayende ndi miyendo yake anthu akuona, ndiye kuti uja anagwa pa doko waimirira, mlandu watha, ndipo tsiku lomwelo mkaziyo abwezedwe kwa atate ake. Mwana atsale, poti ndiye mwini ufumu wa kuchigwa.

Mwana wamkaziyo anali Muchaneta. Anali atafika kale pa msinkhu wokwatiwa, ndipo za panganolo anazimva kwa mdzakazi ali pa mphero, osati kwa atate ake.

Anamuwolotsa atamuveka nsalu zathonje ndi makoza amkuwa mpaka m'zigongono, khamu la ng'ombe likutsatira pambuyo. Kuchigwa anamukhazika pamphasa, ndipo pambali pake anaikapo mtsamiro wamtengo wosema, umene Gwenhamo ankatsamira ali moyo. Amene anauika ndi Hamundide, mlongo wake wa malemuyo, mayi wamkulu thupi, wokonda mowa wa mawere, amene pakamwa pake pankaopedwa ndi amuna omwe.

“Mwamuna wako ndi uyu,” anatero Hamundide. “Sakalipa, saliza mkonono, ndipo sadzakubweretsera mkazi mnzako. Ambirife tikanakonda wotere.”

Akazi anaseka, koma maso a Hamundide sanaseke nawo. Paja amene anali pamphasapo anali mwana wa anthu amene anamuphera mlongo wake.

Kuyambira tsiku limenelo Muchaneta ankangofuna chinthu chimodzi: mwana wamwamuna wa miyendo yolimba, kuti abwerere kwawo. Kuchigwa kunkatentha, madzi ake anali ndi kamchere, ndipo anthu ake ankamuseka kalankhulidwe. Mfunda wake unali Shoko, nyani, pamene eni mudziwo anali a Shumba, mkango, ndiye chilichonse chimene angachite chinali cha anyani. Ankalakalaka mphepo yozizira ya m'mapiri, masuku ogwa okha m'nkhalango, ndi fungo la nyumba ya amayi ake. Mutumbwa anali munthu wa ng'ombe, wosalankhulalankhula, wa mkazi wakewake ndi ana. Ankalowa m'nyumbamo ngati munthu wotumidwa, n'kuyamba waombera m'manja mtsamiro wa mkulu wake. Sanamuchitire nkhanza, komanso sanamufunsepo ngati wadzuka bwanji.

Mvula inagwa n'kuleka kangapo, mimba osaoneka. Hamundide ankafika pakhomo m'mawa uliwonse, n'kumuyang'ana pamimba asanamuyang'ane kumaso, n'kunena mokweza kuti anyani aja anawapatsa dzungu lopanda nthanga. Poyamba Muchaneta ankangoomba m'manja n'kuwerama, monga amachitira mkazi kwa mlongo wa mwamuna wake, amene amamutcha Vatete. Koma tsiku lina anatopa, n'kuyankha kuti dzungu silibala m'munda wolimidwa ndi mtsamiro. Hamundide anaseka mpaka kukhala pansi. Madzulo ake anatumiza chipanda cha chambiko. Kuyambira pamenepo ankamutcha mkazi wanga, ndipo ankatukwanizana tsiku ndi tsiku ngati anthu amene sangathe kudya popanda mnzake.

Mimba itabwera, inabala mwana wamwamuna. Ng'oma zinalira mpaka kumiraga ya ng'ombe. Mambo Chisvino, amene anali atakalamba ndi chisoni, anabwera yekha kudzagwada pakhomo, n'kuombera m'manja kakhanda kofiira kaja, nati, “Wabwera, mwana wanga.” Hamundide ankakatcha mlongo wanga, n'kumakauza nkhani za kale ngati kakukumbuka.

Muchaneta m'masiku oyambawo ankakayang'ana ngati mmene munthu amayang'anira bwato. Ankakawongola timiyendo, kukadzoza mafuta a nsatsi, n'kumakanong'oneza kuti kakule msanga, kamuperekeze kwawo. Palibe anamuchenjeza kuti mwana salowa mumtima pogogoda. Analowa pang'onopang'ono, poyamwa, pogwira khoza la pamkono n'kukana kulisiya, pa chifuwa chimene chinamugwira m'nyengo yozizira mpaka mayi wake anakhala osadya. Mmene ankayamba kukwawa, Muchaneta akamva anthu akuyamikira kuti mwanayu ngwamphamvu, ankayang'ana kumbali, podziwa kuti mphamvu imeneyo ndiyo idzawalekanitse.

Tsiku lina masana, anthu ali kumunda, anali yekha m'nyumba akusankha nzama. Atatukula maso anaona mwanayo atagwira kaguwa kadothi koikapo miphika, wadzikoka, waimirira. Anasiya dzanja limodzi, n'kucheukira amayi ake akuseka, dovu likutsika pachibwano.

Muchaneta sanaganize. Nzama zinamwazika pansi. Anamutsomphola, n'kumuponya kumsana, n'kumanga mbereko yachikopa cha mbuzi mfundo ziwiri. Anaima pakati pa nyumba akumvetsera ngati panja padutsa munthu. Panalibe munthu, koma nkhuku zokha.

Kuyambira tsiku limenelo mwanayo sanapondenso pansi. Popera anali kumsana, kumadzi kumsana, pophika kumsana. Pomusambitsa ankamukhazika pamiyendo, pogona ankamumangirira ndi nsalu pamimba pake. Akazi akapempha kuti amunyamuleko, ankati ali ndi chimfine, kapena kuti pansi pali linthumbu, kapena kuti kwawo mwana wa mambo satsitsidwa msanga. Akaziwo ankaseka kuti anyani amaberekadi ana mpaka amere ndevu. Miyezi inadutsa. Anzake obadwa nyengo imodzi anayamba kuthamangitsa nkhuku, ena n'kumatsatira mbuzi. Gwenhamo anayamba kulankhula ali kumsana, mano anakwanira ali kumsana, ndipo mapazi ake ankalendewera mpaka m'ntchafu za amayi ake. Msana wa Muchaneta unkawawa usana ndi usiku, khungu la m'mapewa linanyuka, koma iye sanadandaule kwa munthu.

Atakolola mapira kunafika mthenga wa Rukanda, nkhalamba ya dazi dzina lake Nhamburo, imene inkamunyamula Muchaneta paphewa ali mwana. Inabweretsa nsalu kwa Chisvino, kenako inapempha kuona mwana wa mbuye wake. Inamupeza pansi pa nkhokwe, ndipo inamuzungulira kamodzi ikupukusa mutu.

“Shoko, kodi mwabereka mwana kapena mwamera linunda?”

“Sekuru, agogo anga, mwakalamba paliponse koma pakamwa pokha.”

“Pakamwa ndi pomwe ndimadyera. Tamutsitsani, ndikauze atate anu zimene ndaona ndi maso.”

Muchaneta anati mwanayo wagona, ngakhale mwanayo anali maso, akuyang'ana dazi la mlendoyo. Kenako anafunsa za amayi ake. Nhamburo anayamba kukanda ndevu, n'kukamba za ng'ombe, za mlatho wamitengo umene unakokoloka, mpaka anasowa kothawira. Amayiwo anali atamwalira nyengo yozizira yapitayo. Sanamutumizire uthenga poopa kuti mkaka ungaume, mwana wa pangano angawonde. Nyumba yawo inali itagumulidwa kale, ndipo pamalopo mkazi wina wa mambo anabzalapo mphonda.

Nkhalambayo inamusiya alire, kenako inapitiriza, poti mthenga sabwerera ndi mawu m'kamwa. Rukanda ankafuna njira ya kunyanja yamchere, kumene kumachokera nsalu ndi mikanda, ndipo njirayo inali itatsekedwa ndi Mambo Dendera wa kunsi kwa mtsinje. Anali atamenyana kawiri, osapindula kanthu. Tsopano anali atagwirizana, ndipo chomangira chake chinali Muchaneta yemweyo. Dendera analibe mwana wamwamuna.

“Dendera akuti, ndipatseni uja anabalira wakufa mwana. Ngati anatha kwa wakufa, kwa ine nkhalamba sangalephere.” Nhamburo anayesa kuseka, koma zinakanika. “Ndiye atate anu akufunsa, Shoko. Akuti mwanayu ayenda liti?”

“Kawauzeni kuti sindikudziwa. Ine si mwini miyendo.”

Nhamburo anayang'ana mapazi a mwanayo, oyera pansi ngati a khanda la dzulo.

Chaka chimenecho mvula inakana. Mitambo inkasonkhana kumapiri, n'kugunda, n'kubalalika. Mawere amene anabzalidwa ndi mvula yoyamba anapsa ali ang'ono. Ng'ombe zinayamba kugona osadzuka, ndipo abusa ankazidzutsa pozikoka michira. Anthu akakhala ndi njala amafuna wolakwa, ndipo sanavutike kumupeza. Kumadzi akazi anasiya nthabwala za anyani. Muchaneta akafika iwo ankangoyang'ana timiyendo tolendewera tija.

Hamundide anabwera dzuwa lili paliwombo, wopanda chipanda, wopanda chitukwano. Anakhala pamwala wa mphero n'kuuza Muchaneta kuti atsitse mwanayo. Muchaneta anayamba za chimfine.

“Mkazi wanga, usandipusitse. Ndinadziwa kalekale, usanadziwe n'komwe kuti ndadziwa. Mwana amene ankakwawa ngati buluzi angasiye yekha?”

“Vatete, mukanena ndafa.”

“Ndikananena bwenzi uli kale kwa Dendera ukutafunira nkhalamba nyama. Ndinakhala chete, n'kumanamiza mlongo wanga m'manda, chifukwa inenso ndinazolowera phokoso lako. Koma zatha.”

Ndiye anamufotokozera zimene akuluakulu anagamula m'mawa umenewo kubwalo. Oombeza anati mvula yamangidwa ndi Gwenhamo, amene watopa kugona pa doko. Mwezi ukaoneka adzafulula mowa wopempha mvula, ndipo tsiku lothira mowawo mwanayo adzaikidwa pansi pamaso pa anthu onse. Akayenda, zonse zidzatha monga mwa pangano. Akalephera, ndiye kuti si Gwenhamo, koma chinthu chopunduka chimene mzimu wachikana. Ndipo chinthu chotero sichileredwa m'linga la mambo. Pali amayi okalamba aja amene amabwera ndi mtsuko wapakamwa potakasuka, n'kutsikira nawo kumchenga wonyowa wa kumtsinje, n'kubwerako manja ali zii. Akatero, Mutumbwa adzayambanso kulowa m'nyumba, kufunafuna Gwenhamo wina.

Muchaneta anamva mpweya wa mwanayo uli fuu fuu pakhosi pake. Anafunsa ngati sangathawe naye. Hamundide anamufunsa kuti athawira kuti: kumapiri, kumene atate ake angamubweze okha atamumanga poopa kuti nkhondo ingayambirenso, kapena kuthengo, kumene kulibe ndi madzi omwe.

“Unamubisa kwa ife kuti akhale wako,” anatero akudzuka. “Tsopano mutsitse kuti akhale ndi moyo. Mwezi suli kutali.”

Kuseri kwa nyumba yake kunali kanjira kopapatiza pakati pa makoma awiri amiyala, kumene sikunkadutsa anthu. Muchaneta anapita kumeneko, n'kumasula mfundo zija. Atamuika pansi, mwanayo anakuwa ngati waponda moto. Mapazi ake anali ataiwala dothi. Miyendo inali yoonda ngati mapesi a mapira, ndipo atamuimiritsa inapindika, n'kukhala pansi phwata. Anakwawira kuseri kwa amayi ake, n'kuyamba kukwera kumsana, akuti, “Bereka, bereka.”

Apa ndi pamene panali povuta kuposa zonse. Muchaneta anatsamira khoma, msana n'kuukanikiza pamiyala, kuti mwanayo asowe pokwera. Mwanayo ankalowetsa timanja pakati pa khoma ndi msana, akulira, akumumenya, akumuyang'ana ngati munthu amene wagulitsidwa. Mayi wake ankamugwira m'khwapa, kumuimiritsa, kumusiya, iye n'kugwa. Kumuimiritsanso, n'kugwanso. Ankamusisita ntchafu ndi mafuta a nsatsi mpaka manja kutentha. Hamundide ankabweretsa msuzi wa ziboda za ng'ombe zofa zija, n'kumaima kukamwa kwa kanjirako kutchinga maso a anthu, akutukwana aliyense woyandikira. Mutumbwa anadutsa kamodzi, n'kuima, n'kuyang'ana mwana amene sankaloledwa kumutcha wake. M'mawa mwake panapezeka mtengo wosalala utamangidwa m'mbali mwa khomalo, pa msinkhu wa manja a mwana.

Pang'onopang'ono miyendo inakumbuka. Anayamba kuima atagwira mtengowo, kenako kuyenda cham'mbali akuutsatira. Koma kuusiya ankakana. Akangotaya dzanja ankakhala pansi, n'kutambasula manja. Ngakhale amuonetse uchi, ngakhale khoza lonyezimira, sankasuntha phazi. Chimene ankafuna chinali chimodzi, ndipo n'chimene amayi ake ankamumana tsiku lililonse, atatsamira khoma lija. Mwezi unaoneka zinthu zili choncho.

Tsiku la mowa anthu anadzaza bwalo kuyambira m'mamawa, ena atakwera pamakoma. Chisvino anakhala pachikopa chake, oimba mbira, kalimba wa kumeneko, ali kumbuyo kwake. Nhamburo anali atabweranso ndi amuna a kumapiri, mitolo yawo yaulendo itamangidwa kale. Cha kumapeto, pamthunzi wa khoma, panakhala amayi okalamba aja, mtsuko wawo atauvundikira pansi. Palibe ankawayang'ana, koma aliyense ankadziwa pamene ali.

Mwambo unali wakuti mlongo wa malemuyo ndiye atsitse mwanayo. Hamundide anamulandira kwa amayi ake, n'kumuimiritsa pambali pa mtsamiro wamtengo uja pakati pa bwalo, n'kuchotsa manja. Mwanayo anaona nkhope zochuluka chotero, n'kukhala pansi, n'kuyamba kulira. Chisvino anamuitana ndi dzina, namutamanda ndi mfunda wake, Shumba, mwini chigwa. Oimba anakweza mbira. Hamundide anamuimiritsanso, akumunong'oneza kuti mlongo wanga usandichititse manyazi, koma anakhalanso pansi. Mbira zinayamba kuzilala imodziimodzi. Kumthunzi kuja mmodzi wa amayi aja anavundukula mtsuko n'kuyamba kuupukuta m'kati ndi dzanja.

Muchaneta anali atakhazikidwa kumapeto kwa bwalo pakati pa akazi. Anamva kulira kwa mwana wake kukusintha, kukukhala kulira kwa munthu amene watopa. Ankadziwa chinthu chimodzi chokha padziko chimene mwanayo angayendere. Anadzuka, n'kulowa m'bwalo popanda womuuza. Anaima chapatali ndithu, pamene mwanayo angamuone bwino. Anamasula mbereko imene inali m'chiuno mwake. Kenako anatembenuka, n'kumupatsa mwanayo msana, n'kunjuta pansi, mapewa atatsitsa, manja atawaponya kumbuyo, monga amachitira mayi aliyense.

“Bwera, ndikubereke,” anatero, osacheuka.

Sanaone zimene zinachitika. Anthu onse anaona, koma iye ayi. Anangomva kulira kukuleka. Anamva bwalo lonse likukhala chete, mpaka kumveka ng'ombe ikulira kutali kukhola. Kenako anamva timapazi pa dothi louma, tikubwera dzandidzandi, kuima, kubweranso, ndi kampweya kothamanga. Anatseka maso. Timanja totentha tinafika pamapewa pake, kabondo kanayamba kufunafuna pokwera, ndipo kamawu kanati, “Amayi.”

Nthungululu zinang'amba mlengalenga. Ng'oma zinagundika zonse pamodzi. Chisvino anagwa chafufumimba akulira, amuna akufuula kuti waimirira, Gwenhamo waimirira. Muchaneta anali ataponya kale mbereko kumbuyo, nsonga zake zili m'manja, kutsala kumanga. Manja ena anafika n'kumuchotsa mwanayo kumsana kwake. Anali a Hamundide. Nkhope yake inali yonyowa yonse, ndipo munthu sakanadziwa ngati akulirira mlongo wake amene wadzuka kapena mkazi wake amene akupita.

“Usacheuke, mkazi wanga,” anatero pansipansi. “Ukacheuka ndikutukwana pamaso pa anthu onsewa.”

Pangano linati tsiku lomwelo, ndipo linali tsiku lomwelo. Sanamulole kulowanso m'nyumba. Akazi anamuvula makoza amene anapatsidwa kuchigwa, n'kumusambitsa m'manja ndi kumaso ndi madzi a mankhwala, kuti asatenge kanthu ka kwa Shumba. Mbereko yokha anaiiwala, poti inali yothaitha, ndipo iye anali ataifumbata pamimba. Mowa unali ukuthiridwa pansi pamene amuna a kumapiri anamutulutsa pa chipata, anthu akuvina mbali zonse, osamuona n'komwe.

Anamvera Hamundide mpaka pa chipatapo. Pomwepo anamva kukuwa kumene akanakuzindikira pakati pa ana onse a dziko, ndipo anacheuka. Mwanayo anali atapulumuka m'manja mwa anthu m'chipwirikiti cha gule. Ankabwera m'njira ya kuchipata ndi miyendo yake yatsopano ija, kugwa, kudzuka yekha, kubweranso, manja ali patsogolo. Ankayenda bwino kuposa mmene anayendera m'bwalo. Anthu amene anamuona anaombera m'manja, n'kumati taonani liwiro la mkango. Mutumbwa ndiye anatuluka m'khamulo, n'kumunyamula, n'kumutembenuza nkhope kuti iyang'ane kulinga.

Anafika pa doko la Nyagambu dzuwa litapendeka. Mtsinje unali mchenga wokhawokha, ndipo anawoloka osanyowa ndi chala chomwe. Kutsidya kunali njira ziwiri, ina yokwera kumapiri, ina yotsata mtsinje kunsi. Muchaneta anayang'ana yokwerayo. Nhamburo anatsokomola, n'kunena kuti atate ake anati palibe chifukwa chomutopetsa ndi chitunda, poti anthu a Dendera akudikira kale pa mudzi wa patsogolo ndi nsalu za ukwati. Anawonjezera kuti Dendera si munthu woipa, amangogona kwambiri. Muchaneta analowa njira yakunsiyo, ndipo nkhalambayo inasiya nthabwala mpaka mapeto a ulendo.

Asanayende patali, kumapiri kunada bii. Mphepo inabwera ndi fungo la dothi, kenako madontho akuluakulu anayamba kugwa, n'kusanduka chimvula. Amuna operekezawo anaponya mitolo pansi n'kuyamba kuvina m'matope, akunena kuti mizimu yavomera, Rukanda ndi Chisvino anapangana zanzeru. Kutsidya, kutali, ng'oma za kuchigwa zinkamveka zikupikisana ndi mabingu. Posakhalitsa Nyagambu anatsika ndi mkokomo, wofiira, atanyamula mitengo, n'kukwirira doko lonse ndi mchenga uja anakwirirapo mkondo.

Muchaneta anaima m'mvulamo akuyang'ana madziwo. Mabere anali atadzaza, akuwawa, poti nthawi yoyamwitsa inali itadutsa kalekale. Koma chimene chinamuvuta kwambiri chinali msana. Kwa nthawi yonse ija sunamvepo mphepo, ndipo tsopano mvula inkaugunda paliponse, pamabala a m'mapewa, pakati pamene pankagona kamutu. Anatambasula mbereko ija, n'kuiponya kumbuyo, n'kuimanga pachifuwa mfundo ziwiri. Inali yokhwepa, ndiye anaimasula n'kuimanganso mothina. Atayamba kuyenda, thupi lake linawerama lokha cha kutsogolo, monga linazolowera, ndipo dzanja lake linapita kumbuyo kukachirikiza pamene panalibe kanthu.

Nhamburo anaona, n'kuyang'ana kumbali, n'kuuza anyamata kuti atole mitolo, njira ikadali yaitali.